Madengu Opendama a Hipolit Sowa

Kwathu ku Rudnik, m'mbali mwa mtsinje wa San, mwana amadziwa fungo la msondodzi wowiritsa asanadziwe kulemba dzina lake. Bambo athu ankaluka madengu, agogo athunso chimodzimodzi. Koma achimwene anga a Hipolit Sowa ankadana nayo ntchitoyi kuyambira ali mnyamata. Ankati mwamuna weniweni sangakalambire pa kampando atakumbatira timitengo ngati akulera khanda. Atangomaliza sukulu anaphunzira kuyendetsa galimoto, ndipo moyo wawo wonse unathera pa msewu, kukoka katundu pa thiraki mpaka ku Spain. Akabwera kumudzi ankaimika chithirakicho pakati pa msika kuti aliyense achione.

Matenda anawapeza atatsala pang'ono kupuma pa ntchito. Anagwa m'bafa m'mawa wina, ndipo potuluka m'chipatala dzanja lamanzere linali litafooka, zala zitapindikira mkati. Za galimoto zinathera pomwepo. Munthu amene ankadzaza nyumba ndi phokoso anasanduka wongokhala pawindo. Adokotala anati zalazo azizigwiritsa ntchito, ndiye alamu anga a Genowefa anawagulira kampira koti azifinya. Iwo anakaponyera galu.

Nyengo yotentha ikafika, oluka a dera lathu amasonkhana pa bwalo la udzu kufupi ndi mtsinje. Aliyense amabwera ndi kampando kake, mpeni ndi mitolo ya nthyole za msondodzi, ndipo wofuna kuphunzira amangokhala pansi. Chaka chimenecho alamu anawaumiriza amuna awo.

"Tiyeni bambo, mukangodya soseji basi."

"Ndikaone chiyani kumeneko? Nkhalamba zikupinda timitengo?"

"Nanga pawindo pano mukuonapo chiyani?"

Anapita, ine ndili pambuyo pawo, dzanja lodwala lija atalibisa m'thumba la jekete.

Pansi pa mtengo waukulu panali mayi Leokadia Mazgaj, mmisiri wodziwika kwathu konse, amene anaphunzira kalasi imodzi ndi achimwene. Atangowaona anakuwa kuti anthu onse amve.

"Ee! Kodi si Hipolit wa ku Spain uyu? Thiraki waimika kuti, tikaione?"

Chidwalireni palibe amene anayerekeza kuwaseka. Koma achimwene anangopukusa mutu.

"Iwe Leokadia, tsitsi lachita imvi koma pakamwapo sipanakalambe."

"Siya zolongolola. Khala apa undigwirire tsinde la dengu ili. Wondithandiza wathawira ku mowa."

"Dzanja ili ndi lakufa."

"Ndiye labwino limenelo. Ndikufuna chinthu chongopsinja, osati chanzeru."

Anthu anafa nalo phwete, ndipo achimwene, mwina chifukwa chosowa kothawira, anakhala pansi. Leokadia anatulutsa yekha dzanja lija m'thumba, nkuliika pakati pa tsinde la dengu pamene oluka amaikapo mwala. Kenako anavuula nthyole m'chimphika cha madzi nkuwapatsa ku dzanja lamanja, nawalozera nthyole zoimirira ngati mizati kuzungulira tsindelo.

"Kutsogolo kwa mzati umodzi, kumbuyo kwa winawo. Ngakhale woyendetsa thiraki angathe."

Nthyole yoyamba inathyoka. Yachiwiri inawakwapula pamphuno.

"Usamakoke ngati ukumanga katundu! Msondodzi umafuna kuunyengerera. Pinda ndi chala chachikulu, umve pamene ukulolera."

Soseji ija sanaidye. Dzuwa linawapendekera ali pa kampando, thukuta lili kamukamu, akutukwana motsitsa. Chimene chinatuluka chinali dengu ndithu, koma lopendama, mbali imodzi yozungulira, inayo yophwathalala ngati aikhalira. Leokadia analizunguza m'manja, nati, "Ndaonapo oipa kuposa ili. Ubwere kwathu Lachiwiri."

Anapita, ndipo anapitirizabe kupita. Koma kupendama kuja sikunathe. Dzanja lamphamvu linkakoka kwambiri, lofooka osabweza, ndiye dengu lililonse linkatuluka ndi mbali yophwathalala. Tsiku lina ndinawapeza ataunjika madengu onse kuseri kwa nyumba, akufunafuna machesi.

"Achimwene, mwapenga kodi?"

"Bambo athu akanaona izi akanalira. Ndi zinyalala."

Alamu anatola limodzi pa muluwo nati limenelo lokha alisiye, akufuna kukazulira bowa, popeza inali nthawi yake. Enawo ndinawabisa ine m'khola la nkhuku.

Pobwera ku nkhalango alamu sanali okha. Anali ndi amayi ena awiri amene ankafuna kudziwa woluka dengulo. Mbali yophwathalala ija inkakhala bwino m'chiuno akalikoleka ndi lamba, osagubuduka, osakola m'zitsamba, munthu nkumawerama manja onse ali omasuka.

"Bambo Sowa, mutilukire ifenso. Koma lopendama chomwechi, musaliwongole ayi."

Achimwene anawayang'ana nthawi yaitali poganiza kuti akuwanyogodola. Ataona kuti akunenetsa, anakhosomola nati, "Tiona. Ntchito yandichulukira."

Madengu a m'khola la nkhuku aja anatha psiti sabata isanathe. Nyengo yozizira achimwene anapita nawo kodula msondodzi m'dambo, chipale chofewa chili mbuu, iwo akumanga mitolo ndi dzanja limodzi ndi mano. Anaphunzira kusenda makungwa, kusankha nthyole, ndi kupinda mkombero, ntchito imene inawavuta kuposa zonse. Zala ziwiri za dzanja lija zinayamba kutambasuka pang'ono. Zinazo zinakana mpaka lero, ndipo iwo anasiya kuzibisa.

Loweruka Loyera la Pasaka, pamene tonse timapita ndi timadengu ta zakudya kukadalitsitsa, alamu anayala kansalu koyera m'kadengu katsopano, naikamo mazira opaka utoto, buledi, mchere ndi nyama. Atati anyamule, achimwene anakana.

"Bweretsa kuno. Waluka ndani?"

Anakakoleka pa zala ziwiri zija za kumanzere. Ankayenda pang'onopang'ono, kadengu kakugwedezeka, ine maso ali pa mazira. Sanagwetse. Anakafika nako pa tebulo lalitali la m'tchalitchi nkukaika pakati pa madengu a amisiri obadwa nalo luso.

Ansembe atadutsa ndi madzi odalitsa, Leokadia anasendera pafupi, navala magalasi, nkuyendetsa chala pa mkombero wonse. Kenako anatembenukira kwa mlendo wina wochokera ku Kraków amene ankafunsa za kadenguko.

"Aka? Waluka mwana wa malemu Sowa uyu. Banja limeneli ndi la oluka kuyambira kale."

Achimwene anayang'ana kudenga ngati akuwerenga zojambula za kumeneko, makutu atafiira.