Zotupa za Dalitso zaulula zina

Mwaswera bwanji nonse. Pepani, sindikonda kulemba pano.

Mwana wanga Dalitso wadzuka ndi zotupa zofiira m'khosi ndi m'mikono, akudzikanda mpaka magazi. Apongozi atamuona anati ndi tsempho, bambo ake anayenda kunja. Anawatsekera amuna anga, ba Tembo, m'nyumba, ati aulule mwana asanafe. Ine ndinabereka mwana kumsana, ulendo ku kiliniki.

Anesi anati thupi lake likutulutsa chinthu chotchedwa histamini. Akuti khungu likakumana ndi chimene silifuna, histaminiyo amalitupitsa ndi kuliyabwitsa. Anafunsa za sopo. Ndinavomera mwamanyazi kuti chikwerereni zinthu, ndimamusambitsa ndi wochapira zovala wa pa kantemba, kashopu ka m'komboni. Anati vuto ndi sopoyo.

Pobwerera kunyumba ndapeza ba Tembo atagwada pamaso pa amayi awo, akulira. "Amama, kanali kamodzi kokha, ndi mkazi uja wa vitumbuwa ku Kaunda Square!"

Dalitso wamwa mankhwala a ku kiliniki, wagona. Apongozi akuuza komboni yonse ya Mtendere kuti, "Mwaona? Bambo aulula, mwana wapola."

Sopo ndasintha kale. Nanga ba Tembo nditani nawo, anzanga? Anesi sanandiuze.