Mawu Anga pa Chimkuzamawu cha pa Mitundu

Malume anga, amene anakalamba akukumba manda m'mudzi mwathu, anandichenjeza ndili mtsikana. Anati, "Iwe, zimene uziona kumanda uzizisiya komweko. Wina aliyense ungathe kumukwiyitsa, koma anthu okumbawa ayi. Tsiku lako likadzafika sudzadzikumbira wekha." Mawuwo ndinawasunga mpaka imvi. Ndinawataya chifukwa cha mtsikana wina waulemu, wa bungwe lina la kutauni, amene ankagwada pondipatsa moni.

Mtsikanayo ndi anzake ankati akumenyera ufulu wa atolankhani, komanso kuti dera lathu, kuyambira ku Mitundu mpaka ku Nathenje, likhale ndi wailesi yakeyake. Ankati mawailesi akuluakulu amangokamba za andale, za ife ayi, ndipo chilolezo cha wailesi yathuyo chikuchedwa. Anayambitsa kalabu ya amayi. Tinkakumana kuseri kwa tchalitchi, iwo n'kumatijambula mawu ndi kachipangizo kakang'ono ngati sopo, mawuwo n'kumakaulutsidwa pa wailesi ina ya kutauni.

Ine ndinkapita, koma kukangokhala kumbuyo. Ndimakonda kuona kaye amene akulankhula kwambiri ndi amene akuseka msanga. Anzanga ankadandaula za mjigo wowonongeka ndi za fodya, nkhani zoti palibe angakude nazo. Mtsikana uja anandiona. Tsiku lina ananditsatira mpaka kunyumba, n'kukhala pamkeka, n'kuyamba kundithandiza kuswa mtedza.

"Agogo, maso anuwa akunena zambiri. Pakamwa pokha ndi pamene mwatseka."

"Maso ndi anga, pakamwanso ndi panga," ndinatero.

Anaseka mpaka kugwetsa lichero. Anabweranso, n'kubweranso. Mtedza ankaswa bwino, osabisa wina m'thumba. Ndinkamuyang'anitsitsa.

Zimene ndinkaona ndi izi. Munda wanga unachita malire ndi nkhalango ya kumanda. Mitengo ikuluikulu inkadulidwa kuyambira m'kati, ya m'mphepete n'kumaisiya kuti wodutsa pamsewu aziona ngati zonse zili bwino. Ngolo zinkatenga zipikazo kupita nazo kwa owotcha njerwa cha ku Nathenje. Odulawo sanali alendo. Anali adzukulu, amuna omwe amatikumbira manda, chifukwa ndi okhawo amene amalowamo popanda wowafunsa. Mudzi wonse unkadziwa, koma unali chete. Inenso ndinali chete, mpaka pamene anagwetsa mtengo umene unkapereka mthunzi pa manda a mayi anga. Ndinaumva ukugwa ndili m'munda. Tsiku limenelo sindinalimenso.

Mtsikana uja atabwera, ndinamufunsa kuti ndikalankhula andibisa bwanji.

"Dzina sititchula, mudzi sititchula," anatero. "Mawu anu tiwasintha pa kompyuta. Amveka ngati a bambo wonenepa."

"Ukunena wekha, kapena ndi akuluakulu ako omwe?"

"Tonse, agogo. Ndi lamulo la ntchito yathu."

Ndinalankhula. Ndinanena za ngolo, za njerwa, za odulawo, ndipo ndinalira pang'ono pofika pa manda a mayi anga. Pa wailesi zinatulukadi monga ananenera. Mawu anali okhuthala ngati a bambo wodwala chimfine. Tinamvera limodzi ku kalabu, amayi n'kumalozerana kuti ameneyu ndi mphunzitsi wakuti, ayi ndi wogulitsa nkhumba uja. Inenso ndinatchulapo dzina la munthu wa kutali kuti ndisaoneke chete. Ngolo zinasiya kubwera kwa kanthawi. Ndinati mumtima, kani alipo anthu osunga mawu awo.

Kenaka kunabwera tsiku lawo lalikulu. Anakonza chionetsero pa Mitundu, tsiku la msika, kuti akuluakulu aone kuti anthu akuifuna wailesi. Kunali zikwangwani, matisheti, ndi lole yonyamula chimkuzamawu. Ine ndinali pa khonde la sitolo ya bambo wina wachisilamu amene amandilola kugulitsa tomato pamenepo. Anthu a m'mudzi mwathu anali mbwee. Adzukulu aja ndinawaona ataima pa chiwaya akudya nyama.

Bambo wina wa tayi anakwera pa lole n'kunena kuti, "Tsopano tamverani mawu enieni a munthu wakumudzi, osaphimba, osakometsera!"

Poyamba ndinamva chifuwa changa pa chimkuzamawu. Chifuwa chimenechi m'mudzi mwathu ngakhale agalu amachidziwa. Kenaka mawu anga, angaanga, akuyenda pamwamba pa msika wonse, akutchula ngolo ndi njerwa, akulira mayi anga. Pa chiwaya paja anasiya kutafuna. Mtsikana uja anandiona ali pa lole, nkhope yake ili ngwee ndi chisangalalo, n'kutenga cholankhulira.

"Agogo olimba mtima aja ndi awo ali pakhondewo! Tiwaombere m'manja!"

Anthu anaombadi. Mwini sitolo anandiyandikira n'kunena chapansipansi, "Amayi, lowani m'kati muno kaye." Sindinalowe. Ndinadikira mpaka mtsikanayo atatsika.

"Mwana wanga, unati chiyani pamkeka panga?"

"Agogo, zija zinali za pa wailesi. Izi ndi za kampeni. Mabwana anati mawu osintha aja sagwira mtima." Ankalankhula akumwetulirabe. "Musaope. Nkhani ikakhala poyera, ndiye chitetezo chanu."

Anandipatsa tisheti. Madzulo iwo anakwera galimoto kubwerera kutauni. Ine ndinasenza dengu kubwerera kumudzi, m'njira imodzi ndi anthu amene ndinawatchula.

Palibe ananditukwana. Kwathu sitichita choncho. Moni yekha ndi amene anafupika. Amayi a kalabu anayamba kudzera njira ya kuseri popita ku mjigo. Wobwereka mchere anasowa. Ndinadziwa kuti akudikira.

Mvula itayamba, mkulu wanga anamwalira. Adzukulu anapita kumanda m'mawa monga mwa mwambo, anakumba mpaka m'mawondo, kenaka anakhala pansi, makasu ali pambali. Mwana wanga wamwamuna, amene anabwera kuchokera kutauni, atapita kukafunsa, anamuyankha kuti, "Nthaka yauma, achimwene, mthunzi kulibe. Kauzeni a wailesi abwere ndi makasu awo." Mtembo unakhala m'nyumba dzuwa mpaka kupendeka. Amayi a kwaya anaimba nyimbo zonse zimene amadziwa, n'kuyambiranso. Anthu ankangondiyang'ana ine. Pomaliza ndinapita ndekha kukagwada m'matope m'mphepete mwa nkhalango, ine nkhalamba, kupepesa anyamata amene ndinawaona akubadwa. Anakumba. Titaika, wamkulu wawo anandidutsa pafupi n'kunena mwaulemu, "Awa takumba chifukwa malemuwa analibe mlandu, agogo. Enawo tidzaona."

Ndinaimba foni ku bungwe lija. Anayankha bambo wina. Anati mtsikanayo anapeza ntchito kwina, ndipo pulojekiti ija inatha bwino kwambiri. Ndinamufotokozera za maliro. Anati pepani, adziwitsa mabwana. Mpaka lero akudziwitsabe.

Wailesi ya dera lathu ija anaipeza. Ndimaimvera, sindinama. Nyimbo zake n'zabwino, amalengeza maliro ndi katemera wa nkhuku m'chilankhulo chathu, ndipo achinyamata amaimbirako kudandaula za misewu. Sindikuti itsekedwe. Koma za kumanda sanabwererekonso, ndipo ngolo tsopano zimadutsa masana.

Ndimakhala ndekha. Ana ali kutauni ndi ana awo, amabwera pa Khirisimasi. Miyendo yayamba kutupa, ndipo m'mawa wina ndinagwa pafupi ndi khola, n'kukhala pansi nthawi yaitali ndikumva anthu akudutsa kuseri kwa mpanda.

Ndiye inu amene mukuwerenga, mukamayenda msewu wafumbi wochoka ku Mitundu kulowera ku Nathenje, mukaona manda amene nkhalango yake ikuonekera kuwala m'kati, nyumba yoyandikana nayo ndi yanga. Patukani, munene odi. Sindikulonjeza kukukhulupirirani. Ndidzayamba ndakusuzumirani pawindo, ndipo foni yanu ikhale m'thumba. Koma dzuwa likakhala litakwera, nkhuku zili zotsekeredwa, ine osayankha, musangobwerera. Kankhani chitseko. Mukapeza kuti zatha, musachoke msanga. Mukhalepo mpaka atakumba.