Njere zakuda za m'chidendene changa

Ine sindipeka nkhani, ndipo amene akukayika abwere kwathu kufupi ndi Sinda ndimuvulire jombo adzionere yekha chipsera.

Zinayamba ndi munga wa mthethe umene unandibaya pachidendene ndikulima kudimba, pakuti ndani amalowa m'matope atavala nsapato? Ndinauzula, n'kupakapo malovu, n'kuiwala. Dzinja litabweranso, pamalopo panamera chotupa cholimba ngati mbatata yaiwisi, chosapweteka n'komwe, kenako chinabooka timabowo, ndipo m'timabowomo munayamba kutuluka mafinya osakanikirana ndi tinjere takuda tofanana ndendende ndi ta bonongwe. Abale anga, munthu n'kumatulutsa mbewu m'phazi ngati nkhokwe?

Akazi anga, amene ndi a chigwirizano kutchalitchi, anati tipite kuchipatala. Koma amalume atangoona tinjereto anagwira pakamwa, n'kunena kuti ndinaponda zonditchera m'njira ya kudimba, ndipo zoponda sizimva jakisoni. Sukulu ndinafika nayo giredi 12, koma njerezo ndinkaziona ndi maso angawa, ndiye ndikanatsutsa ndi chiyani?

Ananditengera kwa sing'anga wina cha ku Vubwi, kufupi ndi malire. Bamboyo ananditemera mphini ndi lumo, n'kulumikapo nyanga, ndipo atakhuthulira m'mbale magazi okhala ndi tinjere, amalume anaomba m'manja kuti zayamba kutuluka. Apa ndiye panali msampha: ulendo uliwonse njere zinkachuluka, ifenso n'kumati mankhwala akugwira. Ulendo womaliza sing'angayo anati muzu wake wabisala kumbuyo, pa mtsempha waukulu uja wa pamwamba pa chidendene, ndipo anazamitsa lumo pamenepo amalume atandikhalira pamwendo, ine ndikutukwana mtundu wonse wa bamboyo.

Pobwerera, ndikutsika minibasi pa Katete, ndinangomva kuti thu! ngati wina wandimenya ndi mpini kumbuyo kwa phazi. Ndinatembenuka chibakera chili m'mwamba kuti ndimuphwanye kondakitala, koma kumbuyo kwanga kunalibe munthu, iye anali kutali akutsitsa matumba. Nditati ndiponde, phazi linangolendewera ngati la nkhuku yakufa. Amalume ananong'ona kuti onditchera aja atitsatira.

Akazi anga atamva, sanafunsenso munthu, anandikweza galimoto mpaka kuchipatala. Adokotala anandigoneka chafufumimba n'kufinya katumba, phazi osagwedezeka, ndipo anati mtsempha waduka chifukwa lumo linali litaudya kale. Njere zija atakaziyeza anati ndi nkhungu ya m'dothi imene imalowa ndi munga, nthenda yosaonekaoneka, imene imadya mnofu mwakachetechete mpaka kufika pafupa. Kenako anatenga bolopeni n'kulemba mzere pansi pa bondo langa, n'kunena mosazungulira kuti chithunzi chikaonetsa kuti fupa ladyeka, adula pamenepo.

Ndinakalipa chipinda chonse kumva, kuti ndabwera ndi miyendo iwiri ndipo ndibwerera ndi iwiri. Iwo anangondiyang'ana, n'kundifunsa ngati nkhungu imaopa mawu. Ndinakhala pabenchi kudikira chithunzicho maso ali pamzere uja, ndikuganiza za dimba, za ng'ombe, za amene adzagwire pulawo, akazi anga atagwada akupukuta inkiyo ndi nsonga ya chitenje, koma mzerewo osachoka. Amalume anati tithawe mpeni usanabwere. Ndinawauza, ndi ulemu wochepa ndithu, kuti pa mpeni woyamba, lumo la sing'anga lija, ndi iwo amene anandikhalira pamwendo.

Chithunzi chinaonetsa kuti fupa linali lisanakhudzidwe, koma adokotala anati kunangotsala pang'ono. Anachotsa chotupa chonse, anasoka mtsempha, anandimanga pulasitala phazi litaloza pansi, ndipo mapiritsi ndinamwa kupitirira chaka, mpaka fungo lake lokha linkandichititsa nseru. Lero ndimayenda chotsimphina, kunyang'ama sindingathe, koma mwendo ndi wanga.

Amalume mpaka pano amati sing'anga ndiye anafewetsa nthendayo. Za ufiti sindikangana ndi munthu, koma ine ndikudziwa kuti amene ananditchera anali mthethe, ndipo ndinaugwetsa ndi nkhwangwa. Inu mukaona chotupa cha kuphazi chosapweteka chikutulutsa njere, musasangalale kuti zikutuluka, thamangani kuchipatala, ndipo lumo lisayandikire mtsempha wa chidendene ngakhale olamula akhale amalume anu. Anzanga amandiseka kuti ndimalima m'jombo ngati bwana wa pafamu. Asekeni, iwo sanaonepo mzere wa bolopeni pa mwendo wawo.