Mbozi Zoyenda Chagada

Fungo la manyowa otentha, aja ofuka nthunzi ukawatembenuza ndi khasu m'mawa, limandibwezera kwa agogo anga aamuna, a Chisale, kwathu kwa Wimbe. Inali nkhalamba yamakani, yosavomera kugonja ngakhale pa bawo.

Chaka china dzina lathu silinatuluke pa makuponi a feteleza. Anzathu ankadutsa ndi matumba panjinga, ife tikungomeza malovu. Agogo anakumba dzenje kuseri kwa chigafa cha fodya, n'kumathiramo ndowe, mapesi, phulusa ndi makoko a mtedza. Chimanga chathu chonse chinkadalira dzenje limenelo.

Mvula itayandikira, amayi anafukula manyowawo n'kukuwa. Munali mbozi zoyera, zonenepa ngati chala chachikulu, zambirimbiri. A Nabanda, oyandikana nafe, amene kuponi anali atalandira, anathamangira pomwepo.

"Tenthani msanga! Izi ndi zija zimadya mizu. Mukathira kumunda, chimanga chifota chisanafike m'mawondo."

Amayi anali atatola kale udzu ndi machesi. Koma ine ndinkadziwa kuti manyowawo akapsa, njala yalowa m'nyumba.

"Iwe Nachisale, taima kaye," agogo anatero kwa amayi. "Mlandu saweruza woimbidwa asanayankhule."

Anatenga thabwa limene ankasankhirapo fodya, napita m'mphepete mwa munda, n'kukumba mbozi ina pansi pa mizu ya udzu. Ine anandiuza kuti nditole imodzi ya m'dzenje. Nditaigwira inadzipinda, kubisa mimba yake yofewa, kenaka inandithira madzi akuda kuchokera kumbuyo. Ndinaiponya uko ndikukuwa.

"Mtsikana wamkulu kuthawa chimbudzi cha mbozi!" anaseka agogo. "Ilibe mkondo wina, chida chake n'chomwecho."

Anaziika zonse ziwiri pathabwa. Ya kumunda ija, ya mutu waukulu wofiirira, mano akuthwa ndi miyendo yaitali, inakwawa chammbali ikupalasa. Ya m'dzenje, ya kamutu kakang'ono ndi timiyendo tatifupi, inagudubuka n'kuyamba kuyenda chagada, miyendo ili m'mwamba, ikudzikankha ndi tiubweya ta pamsana. Agogo anatapa zina, n'kutapanso zina. Zonse chagada!

"Yoyenda chagada imadya zowola zokha," anatero akudzigunda pachifuwa. "Awa ndi aganyu anga, amandiphikira manyowa. Mbala ndi uyo wa miyendo yaitaliyo."

A Nabanda anangoti, "Tidzaona," n'kumapita. Amayi anabweza machesi m'nyumba, koma nkhope ili yokayika.

Tinaonadi. Pofika mwezi wa Febuluwale chimanga chathu chinali bii, chotalika kuposa agogo, ndipo pokolola nkhokwe inadzaza mpaka kukamwa. Agogo sankamusiya munthu wodutsa osamuonetsa. Ndinkachita nawo manyazi, komabe ndinkanyada koopsa.

Chaka chotsatira dzina la a Nabanda nalo silinatuluke. Tsiku lina anafika ndi ndowa, akuyang'ana pansi.

"Agogo, mungandigawireko aganyu anu aja?"

Agogo anakhosomola kaye nthawi yaitali, kuti mudzi wonse umve, kenaka anawadzazira ndowayo okha.

Thabwa lija ndili nalo mpaka lero, m'mphepete mwake mwadyeka ndi chiswe. Chaka chilichonse ndikafukula dzenje langa, ndimaika mbozi pamenepo ndisanakhudze machesi, ndipo ikagudubuka n'kuyamba chagada, ndimamva agogo akukhosomola.