Tsiku limene ndinamuyang'ana mkamwini kumaso

Dimba langa lili m'mbali mwa Zambezi, kumunsi kwa mudzi wathu kwa Mphuka. Anandisiyira amayi, iwonso anasiyiridwa ndi amayi awo. Pepala palibe. Malire ake ndi mtengo wa masau kumtunda, chulu kum'mawa, ndi madzi, amene amadya pang'ono chaka chino n'kudzabweza chaka chinacho. Aliyense m'mudzi amadziwa. Ngakhale mvuu zodya chimanga changa zimadziwa kuti zikubera yani.

Mwana wanga wamkazi atakwatiwa, mwamuna wake anabwera kudzakhala kwathu, monga timachitira. Anali wogula nsomba ku Zumbo n'kukagulitsa ku Lusaka, munthu wa nsapato zowala ngakhale m'matope. Ndinamudulira chigawo cha dimba kuti ana asagone ndi njala. Wobwereka munda amabzala chimanga, mapira, maungu, zinthu zotha ndi chaka. Iye anabzala mango. Ati mthunzi wa ana. Ana ati osewera kumene ng'ona zimaothera dzuwa? Ndinangoona. Kenako njerwa zootcha, ati mosungira makasu. Makasu awiri, nyumba ya windo!

Kwathu mpongozi ndi mkamwini sayang'anana. Tikakumana panjira, mmodzi amapatukira kutchire. Ndikafuna kumuuza kanthu ndimakhala chofulatira n'kulankhula ndi mwana wanga, mwanayo ndiye apereke mawu. Ndi ulemu umenewo, ndipo ndinausunga mpaka adzukulu anafika pa sukulu. Iye anaona kuti ulemuwo ndi mpanda wabwino kubisalako.

Nkhani ndinaimvera kuchigayo. Akuti mkamwini akuyenda ku boma kufuna taito ya dimba lonse, m'dzina lake, ndipo kuli munthu wa m'tauni amene akufuna kumangapo loji yogonamo azungu oweza nsomba. Kwa mfumu mkamwiniyo anakanena kuti banja lavomera. Ndinafunsafunsa kuti taitoyo n'chiyani kwenikweni. Ati malo amachoka m'manja mwa mfumu ndi banja, amakhala a boma, ndipo amene dzina lake lalembedwa amawabwereka zaka nainte-naini, kulipira lendi chaka ndi chaka, ndipo akafuna atha kugulitsa. Tamvani nzeru za ophunzira! Dothi limene munakwiriridwa mchombo wa amayi anga, tizikalibwereka kwa boma.

Tsiku lina anthu awiri a kukhonsolo anabwera ndi tepi yopimira. Lamulo limati afunse kaye amene malowo akuwakhudza, ndiye anandiitana. Ndinakhala pansi chofulatira, chitenje kumutu, mwana wanga pambali panga.

Wamkulu wa awiriwo anati, “Amayi, malo aya mwawapatsa akamwini anu?”

Ndisanatsegule pakamwa mkamwini analumphira. “Bwana, sangayankhe ine ndili pano. Ndi mwambo wathu. Koma kunyumba anavomera kale.”

“Oho,” anatero wa kukhonsolo uja. “Manje tilembe kuti palibe wotsutsa.”

Ndinakoka mwana wanga chitenje. “Uwauze atate a ana ako kuti akunama.”

“Amayi, chonde, pali alendo.”

“Ndati uwauze.”

Mwana amene ndinamubereka kumsana pothawa madzi osefukira anayang'ana pansi, nakweza mawu. “Akuti mwalandiridwa, alendo. Mupime bwino.”

Ndinamva tepi ija ikukwekwerezeka pa udzu. Ndikangokhala chete pang'ono, dimba lapita, ine ndili ndi ulemu wanga wonse kumsana. Ndinachotsa chitenje kumutu, ndi kutembenuka.

Aka kanali koyamba kumuona bwinobwino. Timakutu tating'ono, dzino limodzi lobenthuka, thukuta pamphuno. Zaka zonsezi ndinkalasidwa ndi minga kutchire chifukwa cha nkhope imeneyi?

“Iwe,” ndinatero. Liwu limenelo ndinali ndisanamutchulepo. “Unabwera pano ndi chola chimodzi chonunkha nsomba. Dimba unalitenga kuti? Linali m'cholamo?”

“Apongozi, mukundiyang'ana!”

“Ndakuona, ndipo sindinapeze chodabwitsa. Inu a tepi, lembani. Ndakana. Muli nawo makutu, kapena ndikane kachiwiri?”

Wamng'ono uja anayamba kuseka, mnzake n'kumugunda ndi chigongono. Anapinda tepi yawo. Ati pali mkangano, sangapitirize, banja liyambe lagwirizana. Anachoka mofulumira kuposa mmene anabwerera, osalawa ngakhale madzi.

Mukuganiza kuti mudzi unadzudzula wakuba? Unadzudzula ine. Amayi a kutchalitchi ankanong'onezana kuti ndadzivula pagulu. Omwe aja anandiuza nkhani kuchigayo ndiwo anali patsogolo. Wina mpaka anati ndipereke nkhuku yopepesera mkamwini. Ndinamuyankha kuti apereke yake, popeza ulemu wamuchulukira.

Mvula isanagwe mkamwini anasamukira ku boma, natenga mwana wanga ndi adzukulu onse. Pakhomo panangoti zii. Ndikapita kuchipatala ku bomako ndimamuona mwana wangayo pamsika akugulitsa nsomba zouma. Amandigwadira, amafunsa za msana wanga, koma maso ali kwina. Za tsiku lija sanatchulepo, inenso sindinamufunse kuti mwamuna wake anali atamulonjeza chiyani. Ndimagula nsomba zake pa mtengo wa aliyense.

Dimba lilipo. Mphamvu zolima lonse ndilibe, theka lamera bango. Anthu abwera angapo kudzapempha kuti andithandize, aliyense ndi nkhope yachifundo. Ndimawathokoza ali chiimire.

Ndikadzafa lidzakhala la mwana wanga yemweyo, afune asafune, kenako la mwana wake wamkazi. Mwamuna asadzalembetsepo dzina. Mawu amenewa ndinauza mlongo wanga, amene ndiye mwini mbumba, ndipo ndinamuuza masana pabwalo, anthu atadzaza, chifukwa nayenso paseri sindimukhulupirira.