Mwendo wa Mpando wa Agogo

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene ababa anatulutsa mpando wa malemu agogo kuti aukonze. Unali wa mlombwa, wakuda bii ndi thukuta la manja, ndipo ndi katundu yekhayo amene banja lathu linasenza pothawira ku Zambia n'kubwera nayenso kuno ku Malowera nkhondo itatha. Mwendo umodzi unali utaguluka. Anzawo ankati angokhomapo msomali, koma ababa anakana, ati mtengo wokalamba umang'aluka ukamva chitsulo.

Anaphika kola yawoyawo, guluu womatira matabwa. Anapala ubweya pa chikopa cha ng'ombe, kuchiduladula, kuchiviika, n'kuchibwatitsa m'chitini tsiku lonse. Fungo lake, abale, ndi agalu omwe anasamuka pabwalo. Idakali yotentha anaipaka m'bowo, kulowetsa mwendo, kumanga ndi chingwe, n'kuchipota ndi kamtengo mpaka chinalira. Ine anandipatsa ntchito yoingitsa mbuzi, koma anati mpandowo ndisaukhudze masiku awiri.

Koma ine mantha ndinabadwa nawo. Mumtima ndinkangoti, nanga kolayo ikapanda kugwira, mpando wa agogo uthera pomwepa? Ndinkapita, kugwedeza mwendo pang'ono pokha, kungofuna kuona, n'kuthawa. Posakhalitsa ndabweranso. Sindidziwa kuti ndinatero kangati.

Tsiku lachitatu ababa atamasula chingwe, mwendo unangoti phu pansi. Anautola, nayang'ana zala zanga zimene zinadindika pa kola youma m'mbali. Sanandimenye. Anandifunsa motsitsa mawu ngati ndinkaugwedeza, ine n'kuyankha kuti ndimafuna kuona ngati wagwira.

"Ukanausiya ukanagwira, Rozita mwanawe. Chomangidwa chimafuna maso, osati manja."

Anatsuka kola yakaleyo ndi madzi otentha, ati ubwino wa ya chikopa ndi umenewo, imalola munthu kuyambiranso. Chikopa china anayenda wapansi kukachipempha ku mudzi wakutali, chifukwa cha ine. Atamanganso anandikhazika pa mphasa pafupi ndi mpandowo, manja nditawatsamira pansi pa ntchafu, ndizingoyang'ana.

Sabata yatha mwana wanga Nando, wa zaka zitatu, anagwa pa khonde n'kuthyoka mkono. Kuchipatala ku Fingoe anamuika chikhakha, anamwino n'kundiuza kuti ndiziona zala zake ngati zikutupa kapena kuda, zikatero ndithamange naye, koma chikhakhacho ndisachigwiregwire. Ndiye tsiku lonse ndimangomuzungulira, chala chikufuna kulowa m'mphepetemo, kupanikiza pang'ono pokha, ndimve ngati fupa lagwira.

Zikafika pamenepo ndimakakhala pa mpando uja, ababa anandisiyira, mwendo wake sunasunthenso mpaka lero. Ndimaika manja pansi pa ntchafu. Zala za Nando ndimaziona bwinobwino ndili pomwepo, zikufukula dothi, sizinatupe. Mantha sanandichoke ayi, koma tsopano ndimadziwa powakhazika.