Mwala wa Panjira Yozungulira

1. Za njira ziwiri zopita ku Misa

Ndikulemba pofuna kuvomera kulakwa kwanga. Kuchokera kwathu, m'munsi mwa phiri la Chiradzulu, kunali njira ziwiri zopita kutchalitchi. Ina inkakwera chitunda pamiyala, ina inkazungulira m'minda ya nandolo. Ine ndinkakonda yokwerayo, poti ndinkati ndiyo yoyenera mwamuna. Akazi anga ankasankha yozungulira, choncho Lamulungu lililonse tinkasiyana pamphambano. Ndinkafika msanga n'kumawadikira ndikuyang'ana wotchi yanga ya ku Halale.

Tsiku lina anati, "Bambo, lero tiyendere limodzi kumunsiku." Ndinayankha kuti miyendo yanga sinakalambe. Anaseka, ndipo sanapemphenso.

Iwo atamwalira mawondo anga anafooka, ndipo ndinayamba kudzera kumunsi. Mayi wina wa m'mbali mwa njirayo anandionetsa mwala patsinde pa mango. Anati, "Malemu ankakhala apa mpweya ukawathera, ife n'kumawapatsa madzi. Inu simunkadziwa?"

Sindinkadziwa. Ndinkayesa amachedwa ndi macheza, ndipo ndinkawadzudzula pamaso pa anthu. Motero ndikutsimikiza kuti anthu a m'njira anawadziwa matenda a akazi anga ine ndisanawadziwe.

Ndalemba ndi dzanja langa, ine mwamuna wawo.